Apenta ndi Duwa la Woledzera

Duwa lija linalowa m'nyumba mwa Mzime lili m'kabotolo ka madzi, kanthambi chabe ka masamba awiri. Anachita kupatsidwa ndi kasitomala wina ku saluni kumene amaluka tsitsi. Linakhala pazenera mpaka linatulutsa timizu toyera, ndipo Mzime analiwokera mumphika wobowoka kunsi. Musayembekeze kuti ndikuuzani za maluwa ofiira kapena fungo lokoma, ayi, duwa limeneli silichita maluwa. Ulemerero wake ndi masamba basi: otambalala ngati chikhatho, osongoka kunsonga, obiriwira koma owazidwa zoyera, tsamba lililonse ndi mawanga akeake. Chinanso, limayanga. Mzime anakhoma timisomali pakhoma la pabalaza, n'kumangirira ulusi wolukira tsitsi, duwa n'kuyamba ulendo. Posakhalitsa linali litadutsa pamwamba pa chithunzi cha ukwati, likulunjika kukhomo la kuchipinda.

Ankalisamala ngati mutu wa mkwatibwi. Madzi sankangothira chisawawa. Ankayamba wapisa chala m'dothi, akapeza kuti lauma ndiye n'kuthira mpaka adonthe kunsi, otsalira m'mbale n'kutaya. Tsiku lopuma ankapukuta fumbi tsamba ndi tsamba ndi kansalu konyowa. Dzuwa la masana likalowa mwaukali ankakoka katani yopyapyala, chifukwa malo oyera aja sachedwa kupsa. Mdani wamkulu wa duwali anali mwamuna wake. Munthu wabwino mtima kwabasi, wophika buledi ku bekale, koma akaona chinthu chamoyo maganizo ake onse amakhala oti chili ndi njala. Ankalithira madzi m'mawa, madzi madzulo, kuwonjezerapo tiyi wotsala m'kapu, mpaka masamba ena anachita chikasu n'kuyoyoka.

"Inu, duwa langali si mtanda wa buledi," anatero Mzime, atanyamula tsamba lakufa ngati umboni. "Mukalikhudzanso mukagona ku bekale komweko."

"Ndimaona ngati lili ndi ludzu, mayi."

"Ludzu muli nalo ndinu. Imwani madziwo."

Kenako bambo ake a Mzime anadwala sitiroko. Bambowa aliyense amawadziwa ndi dzina loti Apenta, chifukwa moyo wawo wonse unathera pa makwerero, burashi ili m'manja. Ndi iwo amene anayamba kumuitana mwana wawoyu kuti Mzime, poti ndiye wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ku saluni. Matendawo anawagwira mbali ya kumanja. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka, lilime ndiye silinadwale n'komwe. Koma mkono wamanja, uja unkadula mzere wa m'mphepete mwa siling'i popanda chingwe, unangoti lende ngati si wawo. Mayi ake a Mzime anali atatsogola kale, choncho tsiku lotuluka m'chipatala Mzime sanafunse munthu, anawatengera bambo ake kwake.

Nyumbayo inali yaing'ono, pabalaza zenera limodzi lokha. Mpando wa wodwala unayenera kukhala pazenerapo kuti azipitidwa mphepo ndi kuona odutsa mumsewu. Ndiye mphika wa duwa unasamutsidwa, n'kukaikidwa pakona kuseri kwa chitseko, nthambi yake n'kukolekedwa pa misomali ina. Mzime mtima unamupweteka pang'ono, koma bambo ndi bambo.

Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, sanabise mawu.

"Mkonowu sunafe, ukungogona," anatero. "Koma mukaulekerera miyezi ino, phewa liuma, zala zipindika, ndipo zikatero palibe amene adzaziwongole. Tsiku lililonse azifinya kampira aka. Aziimanso pakhoma n'kumakwera ndi zala pang'onopang'ono mpaka pomwe angafike."

Apenta anamvetsera mwaulemu, kugwedeza mutu, kuthokoza bwinobwino. Atafika kunyumba kampira kaja anakaponya pansi pa mpando ndi dzanja lamanzere.

"Ine ndakwera nyumba zosanjikizana, mphepo ikugwedeza makwerero," anatero. "Lero ndizikwera khoma ndi zala ngati buluzi? Mzime, undipatseko ulemu."

Mzime anayesa zonse. Anawanyengerera, anawakalipira, analira pamaso pawo. Anayesanso ukathyali: kapu ya tiyi ankaiika mbali ya kumanja, Apenta n'kungopotoloka kuitenga ndi lamanzere. Wailesi anaikweza pashelefu, Apenta n'kukhala tsiku lonse opanda wailesi, madzulo n'kumuuza kuti bata lawakomera kwambiri. Koma nkhalamba ija ndi makani! Ndipo Mzime ankaopa, ankaopa zedi. M'mawa uliwonse powaveka malaya ankamva yekha kuti phewa likulimbiralimbira ngati chitseko chadzimbiri. Ku saluni zala zake zinkaluka tsitsi la eni, mtima uli pa mkono wa bambo ake.

Tsiku lonse Apenta analibe chochita koma kuyang'ana khoma, ndipo pakhomapo panali duwa. Anayamba kulinyoza.

"Amene anapenta masamba awa anali ataledzera," anatero tsiku lina Mzime akupukuta fumbi. "Taona ili, theka wapaka, theka wasiya. Ilo wangowaza n'kuthawa. Akanakhala wantchito wanga ndikanamuchotsa tsiku lomwelo."

"Ndi mmene limakhalira, Bambo. Kukongola kwake n'komweko."

"Kukongola? Ntchito yosamaliza imeneyo!"

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo linatchedwa duwa la woledzera. Koma munthu sanyoza chinthu tsiku ndi tsiku popanda kuchidziwa. Apenta anafika podziwa tsamba lililonse, lomwe lili ndi dontho kunsonga, lomwe lili ndi mzere pakati, lomwe woledzera anataya chitini chonse. Mzime akangolowa kuchokera ku ntchito, asanavule ndi nsapato zomwe, lipoti linkayamba: mnzako uja watulutsa lina, lili chopindika ngati ndudu, mawa litambasuka. Anasandukanso mlonda. Mkamwini wawo akangodutsa ndi kapu molunjika kukona, mawu ankamveka kuchokera pazenera.

"Akamwini, kapu imeneyo ibwerere kukhitchini."

"Ndi timadzi tochepa, bambo."

"Dothi likadali lonyowa, ndamuona Mzime akupisa chala m'mawa. Bwererani."

Madzulo ena Mzime anapeza bambo ake alibe nthabwala. Anamukodola ndi dzanja lamanzere.

"Mzime, tabwera. Penti yamuthera mnzathu uja."

Anapita kukona n'kuyang'ana. Zoonadi, tsamba latsopano linali laling'ono, lobiriwira lonse, lopanda ndi kadontho komwe. Lotsatira lake linabwera chimodzimodzi, ndi linanso. Nthambi inayamba kuonda, masamba n'kumatalikirana. Mzime anadikira kasitomala uja, ndipo tsiku lomwe anabwera kudzalukitsa anamufunsa uku akumuluka.

"Ndi mdima umenewo, mwana wanga," anatero mayiyo. "Zoyera zija sizidyetsa duwa, n'zodzikongoletsera chabe. Likaona kuti kuwala kwachepa limasiya zodzikongoletsa n'kumatulutsa obiriwira okhaokha kuti lipulumuke. Lipatse kuwala, osati dzuwa lowomba ayi, kuwala. Ndipo udule nthambiyo kubwerera pa tsamba lomaliza lamawanga. Ukachedwa lizolowera. Aa, usakoke choncho, ukundipweteka!"

Mzime anatsimikiza kuti bambo ake sawauza. Koma Mzime ndi pakamwa pake! Anauza mwamuna wake kukhitchini, mwa kunong'ona kwake kuja komwe kumamveka mpaka kwa aneba. Atatuluka ndi mbale anapeza Apenta akumudikira.

"Ndiye kuti ndalilanda malo ndine."

"Palibe amene wanena zimenezo, Bambo."

"Makutu sanadwale awa. Chotsani mpandowu, liikeni pazenera pano. Ine ndikakhala pakonapo."

"Ndikuikeni kuseri kwa chitseko ngati tsache chifukwa cha duwa? Achimwene akabwera ndiwauza chiyani? Ayi, likafuna kubiriwira libiriwire."

Anakangana mpaka chakudya chinazizira. Kenako Apenta anaponya maso pakhoma. Mzime anawadziwa maso amenewo, anali aja ankayang'anira nyumba ya munthu asanatchule zoti achite. Makoma a pabalazapo anali opakidwa penti ya bulawuni wakuda, ija eni nyumba za lendi amaikonda chifukwa siionetsa litsiro.

"Vuto si mpando," anatero pang'onopang'ono. "Vuto ndi khomali. Kuwala kukalowa pazenera, ilo likumeza konse. Pakani yoyera makoma onse, kuwala kuzigunda uku n'kugwera uko, mpaka kuseri kwa chitsekocho kufika."

Mzime mawu anamutuluka asanawayeze.

"Ndiye mupenta ndinu, Bambo?"

Nkhope ya Apenta inatsekeka pomwepo.

"Ndipenta ndi chiyani? Ndi mano?"

Mzime analakalaka akanadziluma lilime. Mwamuna wake anakhosomola.

"Ndipenta ine, bambo," anatero mosangalala. "Kupaka n'kupaka basi. Tsiku limodzi ndamaliza."

Eni nyumba atafunsidwa anavomera asanamve n'komwe nkhani yonse. Zitini za penti zinabwera. Mzime anakatenga thumba la zida kunyumba kwa bambo ake: lola yogubuduza popaka penti, chitsulo chopalira, ndi maburashi okulungidwa m'mapepala, aukhondo ngati sanagwirepo ntchito. Iye akulikhuthula pansi, Apenta anayang'ana kunja kwa zenera. Mzime anatsitsa duwa pa misomali, analikulunga bwinobwino ngati mmene amachitira ndi tsitsi lalitali, n'kukaliika pazenera la kuchipinda. Nthambi yobiriwira ija anaidula pamwamba pang'ono pa tsamba lomaliza lamawanga, akutseka diso limodzi ngati akudzicheka yekha. Pansi anayala nyuzipepala zakale.

Tsiku lopuma litafika, wophika buledi anavala malaya akutha, anatsegula chitini, n'kuyamba.

Amayi inu! Ndikuuzeni zoona, sankachita dala. Mzime mwini poyamba anaganiza kuti mwamuna wake wapeza nzeru yokwiyitsira nkhalamba, koma ayi, munthuyo ankayesetsa ndi mtima wake wonse, lilime lili kunja. Penti sanaitakase. Burashi anaimiza yonse mpaka chogwirira. Anayambira pakati penipeni pa khoma, n'kumazungulira ngati akutsuka poto, akuimba likhweru. Penti inayamba kuchucha, ina kutsika ndi khoma, ina kutsika ndi mkono mpaka m'chigongono.

"Takasani kaye!" anakuwa Apenta ali pampando. "Yolemera yonse ili pansi pa chitini!"

"Oo, pepani bambo."

"Burashi siimira, akamwini, mumangonyika kunsonga. Kunsonga! Ndipo yambani m'mwamba muzitsika."

"Chonchi, bambo?"

"Mukupaka majarini kodi? Khoma limenelo mudya?"

"Chonchi nanga?"

"Mulungu wanga, tichitireni chifundo."

Mzime anathawira kukhitchini chifukwa kuseka kunali kutamugwira, ndipo ankadziwa kuti akaseka pamaso pawo zivuta. Anaika madzi a tiyi pamoto, khutu lili pabalaza. Mawu a bambo ake ankakwererakwerera. Chidwalireni anali asanawamvepo akukalipa ndi mphamvu chotero, ndipo zinamukomera ngati nyimbo.

Chomwe chinautsa mavu ndi felemu ya chitseko. Mkamwini atafika m'mphepete mwake anaona kuti burashi yaikulu ikudetsa thabwa, ndiye anapisa m'thumba n'kutulutsa ina yaing'ono, yodulidwa mopendeka kunsonga, ya chogwirira chosalala ndi thukuta la zaka. Anainyika, n'kuyamba kuikhutiza pakona ngati mswachi, ubweya wake uli nyankhalala.

"Imeneyo ayi!"

Mzime anatulukira pakhomo la khitchini atanyamula thireyi, n'kuima pomwepo. Bambo ake anali ataimirira. Anadutsa pa nyuzipepala mwendo ukukoka pang'ono, n'kutsomphola burashi ija ndi dzanja lamanzere.

"Burashi iyi ndi yakale kuposa ukwati wanu. Siikankhidwa, imachita kutsetsereka. Taonani."

Anaigunditsa m'mphepete mwa felemu n'kutsitsa. Koma lamanzere ndi lamanzere, mzere unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nkhono. Apenta anatukwana mawu ena omwe sindingawabwereze pano. Anayesanso, unakhotanso. Anaima akupumira m'mwamba, maso ali pa mzere wonyansawo. Kenako, ngati zikuchitika zokha, burashi inasamukira ku dzanja lamanja, lamanzere n'kugwiriza chigongono kuchikweza.

Mzime anasendera pafupi, thireyi ili m'manja. 

Zala sizinagwire. Zinanjenjemera, zinayesa kufumbata, burashi n'kupulumuka kugwera pa nyuzipepala kuti phwa.  Mzime anaona khosi la bambo ake likugwa, ndipo anadziwa kuti akabwerera pampando uja tsopano, sadzadzukanso.

 Mwamuna wake anawerama, anatola burashi, anapukuta chogwirira pa malaya ake. Kenako anatenga dzanja la apongozi ake m'manja mwake muja, manja ozolowera kuumba mtanda, anaika burashi pakati, n'kupinda zalazo chimodzichimodzi mpaka zinagwira. Anazisiya pang'onopang'ono, n'kubwerera m'mbuyo.

Burashi inakwera mpaka pachifuwa, inagunda khoma, inatsika. Kamzere kake kanali kafupi, kosatalika kuposa chikhatho. Apenta anakayang'ana nthawi yaitali.

"Wakhota," anatero.

"Wakhota, bambo," anavomera mkamwini, poti munthuyu kunama sadziwa. "Koma wanga uja wakhota kwambiri."

Apenta anamuyang'ana, anayang'ana khoma lonse lija lili mikwingwirima yokhayokha, anamuyang'ananso iye ali ndi penti mpaka m'nsidze. Kuseka kunawaphulika. Anaseka mpaka anatsamira felemu, mkamwini naye n'kuseka, Mzime naye n'kuseka tiyi akutayikira pathireyi.

"Gwirani chitini apa," anatero Apenta akupukuta m'maso ndi phewa. "Pafupi. Ndipo musayankhule."

Madzulo a tsikulo Mzime anabweretsa beseni la madzi ofunda ndi sopo kuti awasambitse m'manja. Atapinda malaya anaona mkono uja uli ndi timadontho toyera kuyambira pazala mpaka m'chigongono. Ali mwana, bambo ake akabwera ku ntchito ankakhala pakhonde, iye n'kukhala pambali pawo kumachotsa timadontho totere ndi chikhadabo, kamodzikamodzi, akuwauza nkhani za kusukulu. Anali ataiwala. Misozi inangoyamba yokha, kugwera m'beseni.

"Nanga ukulira chiyani?"

"Ndi fungo la penti, Bambo."

"Penti yamadzi ilibe fungo loliza munthu."

"Yanuyi ili nalo. Bweretsani dzanjalo."

Ntchito ya tsiku limodzi ija inatenga milungu. Anagawana chonchi: m'mphepete monse momwe mkono ungafike n'mwa Apenta, pamwamba ndi pakati n'pa mkamwini ndi lola, molamulidwa. Ndipo kulamula kwake kunali kwa usilikali. Wophika buledi akabwera ku bekale masana ankangosintha malaya, n'kulandira maphunziro ndi zitonzo zomwe. Anaphunzira kupala, kutakasa, kuyendetsa lola osathamanga. Koma mzere unamukanabe, ndipo icho ndicho chinathandiza. Apenta akayang'ana pomwe pathera mzere wawo n'kuyambira wa mkamwini, mutu unkawawawa. Mawa lake ankadzikoka kuti afikeko pamwamba pang'ono, kuti gawo la wophika buledi lichepe. Zinkapweteka. Ankatuluka thukuta, kubuula, kukhala pansi, kutukwana phewa, kudzukanso. Masiku ena burashi inkagwa kangapo, ndipo mkamwini ankangotola n'kuibwezera m'zala popanda mawu.

Ntchito yovuta kuposa zonse inali ya Mzime: kutseka pakamwa. Ankaona bwinobwino kuti bambo ake akukwera khoma ngati buluzi uja anamukana, ndipo mawu ankamuyabwa pakhosi. Koma ankadziwa kuti akangotchula za mafizo, burashi ibwerera m'thumba. Ndiye ankathawira kuchipinda n'kukauza duwa. Ankapisa chala m'dothi, kupukuta masamba, kutembenuza mphika kuti mbali zonse zione kuwala, uku akulinong'oneza kuti lero afika pakhosi, lero afika pakhutu. Pa mfundo ya pansi pa pomwe anadula panatupa kadiso kobiriwira, kenako kanaphukira.

Tsiku lobwerera kuchipatala, mayi wa mafizo anagwira mkono uja, anaukweza, anautembenuza, anawauza kuti amufinye zala.

"Ee, koma bambo mwalimbikira! Kampira kaja mukufinya eti?"

"Kwambiri," anatero Apenta, nkhope ili gwa.

Mzime anayang'ana kudenga. Kampirako kanali kakadali pansi pa mpando, katadonthedwa ndi penti.

"Musasiye," anatero mayiyo. "Chatsala n'chakuti mkonowu udutse mutu. Ukadutsa mutu, phewa lapulumuka."

Penti yopakidwa kachiwiri itauma, pabalaza panasanduka pena. M'mawa kuwala kunkalowa pazenera lomwe lija n'kudzaza chipinda chonse, mpaka kuseri kwa chitseko munthu akanatha kulowetsa ulusi pa singano. Aneba ankabwera kudzasuzumira n'kumafunsa ngati aboola zenera lina. Duwa linabwerera pakona pake. Za misomali yokhotakhota ya Mzime ija Apenta sanafune n'kumva komwe. Anayeza okha ndi diso, mkamwini n'kumakhoma pomwe alozapo, misomali n'kuima pamzere ngati ana a sukulu, kukwera kuchoka pamphika mpaka pamwamba pa felemu ya chitseko.

Mphukira ija inatalika, koma masamba ake oyamba anabwera ndi timizere toyera tochepa, tongoonekera ukayandikira. Apenta ankati woledzera akuchita manyazi. Nthambi inakwera msomali ndi msomali, ndipo kuikoleka inali ntchito yawo, munthu wina osayerekeza. Inadutsa pachifuwa, inadutsa paphewa. Itafika cha pamutu, Apenta ankaikankhira m'mwamba ndi chogwirira cha burashi, ndipo Mzime ankaona n'kungomeza malovu. Mkono unali utaima pamenepo, osapitirira khutu.

Kunsonga kunabwera tsamba lina, lalikulu kuposa anzake, lokulungika zolimba. Linakhala chikulungire masiku angapo, nyumba yonse ikulilondera. Mkamwini anafunsa ngati timadzi tochepa tingalifulumizitse, ndipo anayankhidwa ndi anthu awiri nthawi imodzi.

Linatambasuka m'mawa wina, Mzime akusaka makiyi kuti azipita ku saluni, mwamuna wake akumanga nsapato. Anayamba kuliona ndi Apenta.

"Ehe! Wabwerera pa ntchito woledzera uja!"

Onse anathamangira kukona. Tsambalo linali lofewa, lonyezimira, theka lonse loyera kuti mbee, theka linalo lowazidwa madontho akulu ndi ang'ono ngati munthu wakutumula burashi. Mzime anakuwa, anaomba m'manja, anavina pomwepo chikwama chili paphewa. Kulemera kwa tsambalo kunali kutagwetsa nsonga pa msomali, ndipo inkalendewera pamwamba pa chitseko, pomwe chikatsegulidwa chikanaipana.

"Taonani ntchito yake," Apenta ankalankhula akuyandikira, chimwemwe chikusefukira m'mawu. "Uku wathira chitini chonse, uku wangowaza n'kuthawa. Munthu ameneyu sadzasintha. Ndipo taonani pomwe wadzalendewera, chitseko chimudula khosi."

Akulankhula choncho anatambasula mkono, ananyamula nsonga ija ndi zala ziwiri mosamala, n'kuikoleka pa msomali wa pamwamba pa felemu. Unali mkono wamanja. Burashi inali patebulo.

Mwamuna wa Mzime anatsegula pakamwa, Mzime n'kumutsina m'nthiti mwamphamvu mpaka anadumpha. Apenta anatembenuka.

"Mukundiyang'ana chiyani ngati ndavala malaya chozondoka?"

 Apenta anatsatira maso a awiriwo, n'kuona dzanja lawo lili m'mwamba, pamwamba pa mutu, zala zikadali pa tsamba. Sanalitsitse. Analiyang'ana, mkono ukunjenjemera pang'ono. Mzime anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikudutsa pazala, ndipo ulendo uno panalibe penti yoinamizira.

"Mzime," anatero Apenta ndi mawu otsika, osatembenuka.

"Bambo."

"Bweretsa msomali wina ndi hamala. Tikhome pamwamba pang'ono."